Nsapato Yaima pa Mlatho

Lolemba, 4 Ogasiti

Ntchito yatsopano yalowa. Mabuku awiri, mlembi mmodzi, onse atuluke mwezi uno usanathe. Lina nkhani yaitali ya akuluakulu, lina la ana, la zithunzi. Abwana kumwetulira mpaka mano a kumapeto. Akuti mashopu a mabuku aitanitsa kale, anthu akudikira.

Chikuto choyeserera cha buku lalikululo chinali pa tebulo langa lopindira. Dzina lonse, zilembo zonenepa ngati za nduna. Mlongo wanga. Kwa ine ndi Katulo basi, uja ankagona chakudya chili m'kamwa.

Sindinauze munthu. Ndinapitiriza kupinda timabuku ta malisiti. Mizere kukhota.

Chimwalirire amayi sitinayankhulane. Miyezi yonse ija ndikuwasambitsa, ndikuwatembenuza, iye ali kutali, ati akulemba. Anatulukira tsiku la maliro, jekete yokongola, nsapato zonyezimira. Ndinamufunsa pageti kuti wadzatani. Ndinanena, ndipo lero lomwe ndikhoza kubwereza.

Ndiye mabuku akewo ndipinde ine, ndisoke ine, ndimate chikuto ine? Koma dziko ili!

Lachitatu, 6 Ogasiti

A Inki, mkulu wa pamakina osindikizira, ayamba buku lalikulu. Pepala limodzi masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, theka kuno theka kuseri, ena chozondoka, osatsatana. Amatsatana ndikapinda, mpeni nkudula m'mbali. Zaka zonsezi sindiwerenga zomwe ndimapinda. Ndimangoyang'ana manambala ndi inki ngati yakwana. Lero khosi lauma ndi kupendeka.

Nyumba yathu ili mmenemo. Zenera la kukhitchini lija lotsekedwa ndi katoni. Mpopi wodontha. Bambo obwera akudzandira. Ndipo muli mlongo wamkulu. Ndinapeza mzere uwu uli chozondoka: "Pakamwa pake panali lumo, ndipo sankaiwala kulinola."

Ine ameneyo. Lumo.

Tsamba lotsatira ndinalifuna osalipeza, abwana ali pamsana. Ndikuwerenga moyo wanga mobera, chidutswa kuno chidutswa uko.

Kunyumba mpopi nawonso wayamba kudontha. Mwini nyumba sakuyankha foni. Tsiku la lendi ndiye adzayankha isanalire nkomwe.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Mafunso wabwera kuchokera kusukulu akuthamanga, chikwama chotseguka, lamba wa nsapato ali lende. Mwana wangayu dzinali linamuyenera, pakamwa sipatsekeka. Akuti, "Amayi, nsapato yathu ija ili pa galasi la shopu ya mabuku! Alemba kuti ikubwera posachedwa!"

Ndinapita naye kukaona. Zoonadi. Chithunzi chachikulu: nsapato yofiira, yokha, pansi pa mpando wa basi. Pansi pake dzina lomwe lija.

Nkhani yanga. Nsapato ya kumanzere yotsala m'basi, yoyenda mzinda wonse kufunafuna inzake. Ndinaipeka ine ndili kamtsikana, kupekera Katulo, masiku amene bambo akabwera atamwa mbale zinkauluka. Ndimamufotokozeranso Mafunso. Ndiye lero ili pa galasi, anthu akuima, ana akuloza.

Buku lina wandinyoza, buku lina wandibera. Mwana wosayamika!

Mafunso kufunsa njira yonse. Amene walembayo wamva kwa ndani? Kodi ankamvetsera pazenera? Ndinamuuza kuti ndi amalume ake, aja a pachithunzi chakale chili m'kabati. Ndiye ndinaputa mavu. Bwanji sabwera? Ali ndi ana? Adzatipatsa buku laulere? Ndinati atseke pakamwa, magalimoto angamugunde.

Wayamba kale kuuza anzake. Kalasi yonse ikudikira bukulo.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mtima uli m'mwamba. Tiyi kupsa naye lilime, basi kundisiya, kufika mochedwa.

Tsamba lomaliza la pepala la dzulo limatha chonchi: "Anandikokera m'chipinda, ndikulira, nakhoma chitseko." Basi. Zotsatira zili pa pepala lina, ndipo pepalalo silinasindikizidwe. Makina adula lamba. A Inki akuti mpaka wokonza abwere.

Anthu adzawerenga kuti ndinkatsekera mwana m'chipinda. Aneba akale, azakhali, aphunzitsi a Mafunso. Dzina langa mulibe, koma amene anaona zenera la katoni lija adzadziwa. Nanga si mmene zinalili? Ndinkakhoma, inde. Koma iye wakumbuka chitseko chokha?

A Inki nawonso kani amawerenga. Pa nthawi ya tiyi akuti, "Mlongo wa m'bukumu ndi mfiti yeniyeni, ine ndikanathawa." Onse kuseka. Ine ndinaseka nawo, shuga kutayikira pa siketi.

Masana kunabwera mayi mkonzi wa kukampani yofalitsa mabuku, nkhope yotopa. Buku la ana lavuta. Zithunzi zilipo, mawu alipo, koma masamba omaliza mlembi sanapereke. Wojambula akungodikira ndi pensulo m'manja. Abwana kukuwa mpaka ife kumva kuseri kwa galasi: Lolemba likadutsa, makina apita ku mabuku a sukulu, la nsapatolo lidikire chaka chamawa.

Zake zimenezo. Ine sizikundikhudza.

Mafunso wajambula nsapato yofiira kuseri kwa kope la masamu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndinatumidwa mu ofesi kukatenga guluu. Masamba a buku la ana ali ndandanda pa tebulo. Sindinapirire.

Wakumbuka zonse, mwana uja. Basi. Galu amene ananyamula nsapato mpaka kumsika. Wosoka nsapato wogontha. Mvula, ngalande. Ngakhale kanyimbo kamene nsapato imaimba ikatopa, sanasinthe liwu ngakhale limodzi. Kenako nsapato ifika pa mlatho, itukula mphuno kuyang'ana tsidya. Kutsogoloko mapepala oyera.

Ndinathamangira kuchimbudzi kukaseka. Kuseka mpaka misozi, dzanja kukamwa.

Pa mlatho! Ndi pomwe ankagonera. Nthawi zonse, nsapato ikangofika pa mlatho, Katulo fooo. Mathero sanawamvepo chibadwire. Ndipo panalibe oti amve, chifukwa akagona ine ndinkasiyira pomwepo, nkumamvetsera ngati kunjako zatha. Mathero ndinadzawapeka ndili mayi kale, chifukwa Mafunso sagona nkhani isanathe. Amakugwira chibwano, "Kenako? Kenako?"

Ndiye mlembi wamkulu, wa zilembo zonenepa, wakanirira pa mlatho. Sangapeke yekha? Si ndiye ntchito yake? Mayi mkonzi anauza abwana kuti mlembiyo walemba mathero angapo, onse wang'amba, akuti si amenewo.

Si amenewodi. Ali kunyumba kwanga, m'mutu mwa mwana wa sitandade 3.

Alire. Amayi ankamuitana dzina masiku omaliza aja, ine nkumawanamiza kuti ali m'njira.

Chakudya chamadzulo sindinadye. Ndakolopa, ndachapa zochapa kale, ndamanga mpopi ndi kansalu. Ukudonthabe.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Makina akonzedwa. Pepala lija latuluka inki isanaume bwino. A Inki kundimenya pa dzanja, ati ndidetsa. Ndinatenga limodzi mwa owonongeka oyambirira aja, ndinalipinda pa bondo kuseri kwa milu ya mapepala.

Ndikopere pano, mwina mawa ndidzaganiza kuti ndinalota.

"...nakhoma chitseko, iyenso ali mkati. Anakhala pansi, msana kutsamira chitsekocho, kuti aliyense wofuna kulowa ayambe wakankha iye. Kenako anayamba nkhani. Kunja kunkasweka zinthu, koma ine ndinkamva za nsapato. Mpaka lero sindidziwa kuti iye ankagona nthawi yanji."

Ndinakhala pamenepo mpaka abwana kufunsa ngati ndadwala.

Lumo lija silinachoke. Lili pa tsamba lake, lasindikizidwa kale, anthu adzaliwerenga. Ndipo za amayi walemba kuti anachita mantha kuwaona atatha thupi. Mantha! Ine ndinalibe mantha? Ndani anandifunsa? Ndakwiyabe. Ndalira, koma ndakwiyabe. Ziwirizi zikukhala limodzi m'chifuwa muno, sizikukankhana.

A Inki anandipeza maso ali psuu. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ana dzina pa chikuto. Ndi achikulire, si opusa. Anangoti, "Za ufiti zija ndabweza." Kenako, akupukuta manja, ati chibale ndi fupa, sichiola. Ndinawauza kuti fupa limakakamiranso pakhosi.

Mafunso akuti mnzake wina akumunena kuti ndi wabodza, alibe amalume olemba mabuku. Amenyana. Batani la yunifolomu lathothoka, ndasokerera.

Loweruka, 16 Ogasiti

Theka la tsiku kuntchito. Ndikumata zikuto, ndinangomva abwana akusintha mawu, aja amayankhulira alendo. Kutukula maso: mayi mkonzi, kumbuyo kwake iye.

Waonda. Imvi pambali pa makutu, mwana amene ndinkamubereka. Maso ofiira ngati sanagone mwezi. Jekete yomwe ija.

Abwana kumuzunguliza, awa ndi makina athu, uwu ndi mpeni wathu. Iye maso ali kwa ine. Mayi mkonzi, osadziwa kanthu, akuti mlembi ndi amene anakakamira kuti mabuku ake asindikizidwe kuno, ngakhale kwina kunali kotchipa.

Kani. Ankadziwa kuti adutsa m'manja mwanga, tsamba ndi tsamba. Foni ali nayo, miyendo ali nayo, koma wasankha kundiyankhula ndi makina a a Inki. Wamantha mpaka lero.

Anafika pa tebulo langa. Anangoti, "Achemwali." Abwana kukamwa yasa. Ine burashi m'manja, guluu akudonthera pansi. Zonse zimene ndakhala ndikunola zaka zonsezi zinali pa lilime. Ndinabweza burashi m'chitini cha guluu.

Anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati mwana woti walakwa masamu. Akuti, "Pa mlatho paja, achemwali. Zinatha bwanji?"

Ndinati, "Unkagona."

Anagwedeza mutu. Anatembenuka kuti azipita. Ndinamva pakamwa panga pakuti, "Mawa masana. Wodziwa mathero ali kunyumba. Koma jekete imeneyo uisiye."

Chibwerere sindinakhale pansi. Makatani ndachapa. Mpando wa amayi ndausuntha, ndaubweza, ndausunthanso. Mafunso akuyeserera nkhani pa kalilole, manja ndi manja. Ndamuuza kuti asafunse amalume mafunso opusa. Akuti opusa ndi ati?

Ndanena kuti abwere, sindinanene kuti ndakhululuka. Za amayi tikambirana. Amva.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndikulemba masana ano, dzuwa lili pa katani.

Wabwera. Malaya wamba, jekete palibe. Wabweretsa mapensulo a mitundu ndi kope lake lolembamo. Anaima pakhomo mpaka Mafunso anachita kumukoka dzanja. Mafunso opusa onse anafunsidwa asanakhale nkomwe pansi. Bwanji simubwera? Mumawaopa amayi? Iye ati, "Kwambiri."

Anaona mpando wa amayi. Anaugwira pa mkono pomwe nsalu inaperepeseka. Sanakhale mpaka ndinati khala. Anadya pang'ono. Atamva mpopi ukudontha anaseka, nanenso kutsala pang'ono.

Ndinati nkhani iyambire pa mlatho, nthawi kulibe, mawa ndi Lolemba. Mafunso kukana. Akuti nkhani siyambira pakati, amalume amve bwinobwino. Anaima pakati pa chipinda. Basi. Galu. Wosoka nsapato wogontha, mpaka kumuyerekeza mawu. Katulo kope pa bondo, cholembera m'manja, kanyimbo kaja kuimba nawo chapansipansi. Mvula. Ngalande. Ine ndikutsuka mbale, khutu lili komweko.

Kenako Mafunso akulowa kukhitchini, nkhope yotupa ndi mkwiyo. "Amayi, amalume agona! Ndangofika pa mlatho!"

Zoonadi. Mutu chagada pa mpando wa amayi, kukamwa kotseguka, cholembera chili pansi. Bambo wa imvi. Mlembi amene mashopu akumudikira.

Mafunso amafuna kumugwedeza. Ndati ayi. Akuti nanga buku? Nanga kalasi yonse? Ndati buku litha, wojambula ali ndi foni, abwana amakuwa koma amadikira. Ndamutuma kukajambula kuchipinda. Ndamufunditsa Katulo nsalu imene amayi ankafunda. Ndazimitsa wailesi. Ana a aneba amasewera mpira pakhonde, ndawathamangitsa ndi lumo langa lomweli.

Mawu onse a za amayi ndikadali nawo. Sanapite kulikonse. Adikire kaye.

Ndangozindikira pomwe ndakhala. Mipando ilipo, koma ine ndili pansi, msana kutsamira chitseko.

Watembenuka. Maso akadali otseka. Akufunsa ngati nsapato inawoloka.