Zidzolo za Tadala

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Chulu tadzuka ndithu, tili mkati mosoka fodya.

Sabata yatha mwana wanu Tadala anatentha thupi n'kutuluka zidzolo. Mtima unandithawa, chifukwa kuesiteti ana awiri a matenanti anagonekedwa ndi chikuku. Alangizi a zaumoyo atamva, anabwera panjinga, anamuona, n'kutitumiza kuchipatala kukayezetsa magazi. Anayendanso khomo ndi khomo kufufuza ana amene sanalandire katemera.

Zotsatira zabwera. Si chikuku ayi, ndi katsabola, ndipo akuchira. Koma dzulo atadziyang'ana pagalasi anandifunsa kuti, "Amayi aang'ono, amayi akadzabwera adzandizindikira ndi zipserazi?"

Chonde muimbireni pavidiyo, mumuyankhe nokha. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati