Ndimatsatsa phiri, osati zinanazi

Lachinayi, mwezi wa Disembala. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima uli m'malo.

Chiikireni chithunzi cha zinanazi zanga pa intaneti, foni siikupuma. Ine ndimayesa malonda ayamba. Lero ndinakhala pansi kuwerenga bwinobwino zimene anthu alemba. Wina akuti, "Kwanu nkokongola!" Wina akuti wasowa kumudzi. Bambo wina wa ku Blantyre wafunsa ngati ndikugulitsa puloti. Wofunsa za chinanazi palibe ndi mmodzi yemwe.

Masana kunabwera achemwali anga a Estere, aja amathyola tiyi ku esiteti. Ndinawaonetsa chithunzicho. Anachikulitsa ndi zala, nkuti, "Iwe, ukugulitsa phiri kapena? Nanga zinanazizo zili pati?"

Zoonadi. Pojambula ndinaima patali kuti phiri la Mulanje lilowe lonse, ndiye dengu langa likuoneka ngati kachipewa kotayika pakona. Mtengo wake sindinalembe, kumene ndimapezeka sindinatchule. Ndinangoti "Zokoma za kwathu," basi nkumadikira ogula.

Sindinakhumudwe kwenikweni, tinaseka mpaka misozi. Chikundiwawa nchakuti bandulo yathera kuyankha "zikomo" kwa anthu oyamikira phiri, pomwe zinanazi za pansi pa dengu zayamba kufewa. Fungo lake lafika mpaka kuchipinda.

Mawa ndidula chimodzi pakati kuti madzi ake aoneke, ndijambule chapafupi, ndilembe mtengo ndi kuti ndili pa Thuchila. Phirilo ndilifulatira. Ilo siliwola, koma zangazi zikafika Lamlungu...