Fakiri Anadwala Masiku Asanu

Kwa Chande, Nkhotakota
9 Meyi 1996

Wokondedwa mng'ono wanga Habiba,

Asalamu alaikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu anga bambo Rashid, ndi wa kakhanda kako komwe sindinakaone. Kodi kakuyamwa bwino? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma akumatuluka kukakhala pakhonde. Mpunga tayamba kumweta.

Kalata ino uwerenge uli wekha, ukatero uwawerengere alamu.

Sabata yatha kunabwera bambo Layson, alangizi a zaumoyo aja amayeza ana kusikelo, pamodzi ndi anamwino ena ochokera ku Boma. Anati chiyambire mvula, m'mudzi muno mwamwalira ana asanu ndi awiri osakwana zaka zisanu, ndipo akufuna kumva za mwana aliyense: anayamba liti kudwala, anamwa chiyani, anafika liti kuchipatala. Abambo ena anakana, amvekere uku n'kudzutsa maliro ogona. Koma a shehe anati asiyeni afunse, mwina ana otsalawa angapulumukirepo.

Anayenda khomo ndi khomo. Lachitatu anafika kwathu kudzafunsa za mwana wako Fakiri.

Ndinayamba kuwauza zomwe ndinakuuza iwe pamaliro paja, kuti mwana anadzuka bwinobwino, masana n'kukomoka, madzulo n'kutisiya. Anamwino aja sanalembe. Anandiyang'ana mofatsa n'kunena kuti, "Mayi, si mlandu uwu. Tangondiuzani, m'manja mwake munayamba kuyera liti?"

Habiba, ndinalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Ndinakunamiza, m'bale wanga. Fakiri anadwala masiku asanu.

Thupi linayamba kutentha Lolemba. Ndinamumwetsa theka la asipirini, ndipo litazizira pang'ono ndinamusiya ndi amayi n'kupita kudambo kukawokera mpunga, poti mbande zinali zitazulidwa kale. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anakana phala, ankangofuna kukhala kumsana kwanga, koma ine ndinati timalize kaye ndime yatsalayi. Lachinayi anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka. Amayi a pafupi anati ili ndi linjirinjiri, silifuna jakisoni, ndiye tinamufukiza mankhwala a zitsamba. Tinataya tsiku lonse.

Lachisanu m'mawa amuna anga anatikweza panjinga. Mtsinje unali utadzaza, tinazungulira kumsewu waukulu. Titafika kuchipatala tinapeza mzere wautali, ndipo ine ndinakhala kumapeto ngati wina aliyense, kuopa kukalipiridwa. Anamalizikira pamiyendo panga, patsogolo panga patatsala anthu anayi. Nsalu yomwe ndinamuberekera ndi yako ija ya maluwa obiriwira. Sindinaivalenso.

Utabwera kumaliro unali ndi pakati potopa, ndipo ndinadziuza kuti ndikubisira kuopa kuti ungapite padera. Koma zoona zake ndinkaopa maso ako. Unandisungitsa mwana kuti upumule, ine n'kusankha mpunga.

Choipa china n'chakuti anthu atamva kuti mwana wafa tsiku limodzi, anayamba kuloza azakhali a Keti kuti ndiwo anamulodza. Iwe unachoka osawatsanzika, ndipo ine ndinangokhala chete. Miyezi itatu akhala akutunga madzi okha, amayi anzawo akumachoka pachitsime iwo akafika. Ndapita kukawagwadira. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati iwe ukudziwa.

Loweruka anatisonkhanitsa tonse m'kalasi kusukulu. Bambo Layson anafotokoza zomwe apeza popanda kutchula dzina la munthu. Mwa ana asanu ndi awiri aja, asanu anali malungo, ndipo onse asanu anafika kuchipatala patapita masiku atatu kapena kuposa. Awiri anali kutsekula m'mimba, ndipo amayi awo anasiya kuwamwetsa madzi poganiza kuti akuwonjezera matenda. Ndinayang'ana amayi anzanga, aliyense atazolika. Ndinkayesa ndine ndekha.

Masiku a matipate ano anthu sakuopanso kulankhula. Mayi wina anaimirira n'kuwauza anamwino pamaso kuti nawonso amatikalipira, n'chifukwa chake timachedwa. Iwo sanatsutse, analemba. Tinagwirizana kuti mwana wokomoka asamaime pamzere, kuti mankhwala a malungo azisungidwa m'mudzi momwe muno, ndiponso kuti mwana akamwalira tizikhala pansi sadaka yake isanafike n'kufunsana chomwe chinalakwika.

Anafuna amayi awiri oti aziyendera makomo a ana odwala. Ndinakweza dzanja. Sindikudziwa ngati ndili woyenera, koma dzulo ndinakamutenga mwana wa a Kalilu kumunda komwe amayi ake ankamweta, thupi lili moto, n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo lero wadya.

Sindikukukakamiza kuti undikhululukire. Ukafuna kukhala osandiyankha, ndimvetsa. Ndikupempha ziwiri zokha. Uwalembere azakhali ngakhale mizere itatu, alibe mlandu. Ndipo kakhanda kako kakangotentha thupi, siya chilichonse chomwe wagwira, pita tsiku lomwelo, ukafika usakhale kumapeto kwa mzere. Fuula.

Allah akusunge iwe ndi nyumba yako, ndipo amuwalitsire Fakiri malo ake. Upereke moni kwa alamu ndi kwa apongozi ako. Amayi akuti uwatumizire chithunzi cha mwana. Dzina lake sunandiuze.

Ndine mkulu wako,
Asiyatu