Chifuwa cha Kagalimoto Kanga

Lolemba, 3 Malichi

Galimoto yatsopano, tsiku lachitatu. Yamagetsi, yoyera mbee, m'kati fungo la pulasitiki. Kusukulu aphunzitsi anzanga kuizungulira, ahedi mpaka kugwada kufunafuna paipi ya utsi. Palibe. Ine kunyada ndithu, ndinamirenji.

Kahayibulidi kanga, kagalimoto koyendera petulo ndi batire, kanapita Lachisanu. Zaka zisanu ndi zinayi tili limodzi. Anagula ndi bambo wina wa takisi, wamfupi, waulemu wochita kutopetsa. Amunanga, Injiniya, amene uinjiniya wawo wonse anauphunzirira pafoni, akuti tachita bwino kukagulitsa batire lake lisanafe.

Madzulo kwa Ababa monga mwa masiku onse, 5 koloko, jakisoni wa shuga. Ndawapeza pakhonde pampando wawo, nkhope yaloza kumsewu ngakhale maso anasiya kuona kalekale. Sanaimirire. Ndawagwira paphewa, adzidzimuka. "Ndinu ndani, mayi?" Azakhali, amene amakhala nawo, akuti n'kutopa, sanagone masana. Ndawabaya, anena zikomo. Ababa sanayambe andithokozapo pa jakisoni. Amangoti dzanja langa n'lolemera, ndikanakhala wowotcherera zitsulo.

Lachitatu, 5 Malichi

Mapepala a mayeso 62 osachonga. Batire 71. Nambala imeneyi ndikumayiyang'ana kuposa msewu.

Kwa Ababa chimodzimodzi. Lero ndasanduka "anamwino". Akweza okha malaya, akhala mowongoka, ulemu wonse. Kenako funso: "Anamwino, mwana wanga wamkazi mumamudziwa? Timamuti Tsabola. Amabwera nthawi ngati ino, koma masiku ano zii." Ndati ndine, Ababa, Tsabola ndine. Aseka pang'ono, kuseka kosafuna kuchititsa mlendo manyazi.

Adokotala ananena chaka chatha kuti kuiwalaku kuzingopitirira. Ndinamva, ndinagwedeza mutu. Mumtima ndinkati ena onse awaiwale, ine ayi. Achimwene anaiwalidwa kale, azakhali amadziwika masiku ena. Ine ndinali wotsala.

Ndalirira m'galimoto pageti. Muli zii moti umadzimva wekha ukusisima.

Lachisanu, 7 Malichi

Atulukira ndi azakhali. Tikutsuka makapu, iwo: "Iwe, bambo akowa sakukumva pachitunda."

Kapu ndaiika pansi.

Msewu wa kwa Ababa ngwokwera. Kahayibulidi kankayenda ndi batire mwakachetechete mpaka pakona ya wogulitsa matayala. Pachitunda injini n'kudzuka, kugwedezeka kawiri, ndiye kachitsulo kena kapansi, kotchinga kutentha kwa paipi, n'kumalira tetetete mpaka pageti. Ababa, zaka makumi atatu akukonza mabasi, ankati kagalimotoko kali ndi chifuwa. Akamva chifuwacho ankaimirira: "Tsabola wafika, ndi chitsulo chake chosamanga." Ndinkatsika dzina langa lili kale pakamwa pawo. Ine n'kumati amadziwa mawu anga.

Pafoni anasiya kundizindikira chaka chatha. Ndinkati yoipa ndi foni. Ndinawagulira mpaka ina. Uchitsiru wanga.

Loweruka, 8 Malichi

Injiniya akuti vuto laling'ono ili. Galimotoyi ili ndi kaphokoso kake kochenjeza oyenda pansi, angokakweza. Takwera chitunda tonse, mawindo otsegula, kaphokoso kali wuuu. Ababa pakhonde: "Ndani akukoka filiji pabwalo?" Azakhali kuseka mpaka kukhala pansi. Ndaseka nawo, kenako kusekako kwatembenuka. Tayesa hutala. Ababa akuti ameneyo ngwamwano, auzidwe kuti pano pali odwala.

Pobwerera takangana ndi Injiniya. Iwo akuti sabata yathunthu sitinapondeko pomwetsera mafuta, ndiwerengere. Ndati werengani nokha, mukamaliza mukawauze Ababa. Ndalankhulanso zina zosalembeka. Dzina la Tsabola sanandipatse pachabe.

Koma kunena zoona sanandikakamize. Ndinatopa nako ndine: mzere wa petulo, kagalimoto kothina, mawondo a anthu akumbuyo kumsana kwanga. Fomu ndinasaina ndekha, ndikumwetulira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Akana. Dzulo akana, lero akana. "Wondibaya ndi mwana wanga. Akabwera andibaya." Manja apinda pamimba. Shuga 19. Chakudya akungochigwiragwira, akuti adya Tsabola akafika.

Taitana Achimwene kuchokera kuntchito. Awagwira manja kumbuyo, azakhali miyendo. Munthu wa zaka 78, mphamvu zili kuti, koma kuphiriphitha kwake. Ine ndi jakisoni. Ndiye afuula, "Tsabola! Tsabola, akundipha kuno!"

Tsabola ali pomwepo, ndiye akubaya.

Achimwene atuluka osatsanzika, akapukutira maso kuseri kwa nyumba. Sindichitanso zimenezi. Ndalumbira. Koma mawa 5 koloko ikwananso.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndabwereka kahayibulidi ka mphunzitsi wa masamu. Mtundu womwewo, chaka chomwecho. Wandipatsa makiyi ndi malangizo ngati akundibwereka mwana. Ine ndamusiyira yamagetsi, iye kukondwa, akuti akayendako kukaonetsa apongozi.

Pakona. Injini yadzuka. Ababa apendeketsa mutu, dzanja lagwira mpando, ndati basi zatheka. Amvetsera mpaka ndaima. "Mtundu ndi womwewo," atero. "Koma iyi ndi ya eni ake, njosamalidwa."

Dzina la mwana wawo wamwamuna sakulidziwa. Tsiku sakulidziwa. Koma bawuti imodzi yomasuka akuisowa ali pakhonde.

Tawagwiranso. Lumbiro langa lakhala masiku awiri.

Lamlungu, 16 Malichi

Sindinapite kutchalitchi. Magetsi anathima chakum'mawa, batire 18, ndapita kwa Ababa pa basi, chitunda wapansi. Ndiye galimoto yamakono imeneyo.

Lero anali ofatsa. Ndakhala nawo pakhonde ngati anamwino, poti anamwino saopsa akakhala opanda jakisoni. Ayamba kundiuza za Tsabola. Kuti anamuphunzitsa kusintha tayala ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mchimwene wake akuthawa girisi. Kuti analumapo mwana wa neba chifukwa chonena kuti bambo ake amanunkha dizilo. Nkhani imeneyi ndinkati anaiwala. Ine ndinaiwala.

Za kachitsulo akuti, "Ntchito ya mphindi zisanu, anamwino. Ndinkangomunena, koma sipanala sindinatenge. Ndikanamumva bwanji akubwera? Ndipo iye sangachimange ali moyo, poti ndinanena ndine. Ngwamakani, anatengera ine."

Kenako, "Kaya ndinamulakwira chiyani. Mukamuona musakamuuze kuti ndimadandaula."

Zaka 44, Ababa sanandiuzepo kuti amandidikira. Auza mlendo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Shuga 22. Lamba aboolanso bowo lina. Adokotala akuti zikapitirira sabata ino awagoneka, ndipo kumeneko akawamangirira pabedi.

Nambala ya wa takisi ndaipeza papepala losinthira umwini, m'kabati ya Injiniya, pansi pa mabuku a galimoto yatsopano. Ndaimba pa nthawi yopuma, kuseri kwa laibulale. Ndamupempha andigulitsenso. Wakana mwaulemu, akuti ndi kamene kakudyetsa ana ake. Ngakhale akanavomera, ndikanagula ndi chiyani? Zonse zili m'filiji yoyera ija.

Koma abwera Loweruka. Ndikamupeze pakona ya matayala, andisiyire chiwongolero, ndikwere ndekha chitunda. Ndalama wakana. Akuti naye anali ndi mayi ake otero. Zikatheka ndidzamulipira tsiku lililonse 5 koloko, ngakhale zidule kuposa petulo yemwe tikuti tikusungayo.

Pomaliza akuti, "Kali bwino zedi, mayi, mukakaona musangalala." Ndathokoza. Kwa nthawi yoyamba m'sabata ziwiri ndadya n'kumva kukoma.

Lachisanu, 21 Malichi

Mawa. Ndachapa juzi yanga yakale yabuluu, ankaidziwa poikhudza. Azakhali awameta ndevu. Mapepala aja ndachonga onse 62, ana ena ndawapatsa mamalikisi aulere.

Loweruka, 22 Malichi

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa.

Wa takisi wafika nthawi yake. Kagalimoto kotsukidwa, matayala opakidwa mafuta, mipando yovekedwa nsalu. Ndakhala pampando wanga, dzenje langa likadalipo. Ndachita kukasisita pachiwongolero. Iye pambali, akumwetulira.

Pakona. Chitunda. Injini yadzuka, yagwedezeka kawiri monga kale. Ndadikira tetetete. Palibe. Ndapondanso mafuta. Palibe. Wa takisi mano onse panja: "Mwamva, mayi? Kaphokoso kaja ndinathana nako. Anachita kuwotcherera, sikadzaliranso."

Sindinamufunse Lachiwiri. Sindinamuuze n'komwe kuti nkhani ndi kachitsulo. Ndinangoti Ababa amaidziwa galimotoyo.

Koma Ababa aimirira. Aimirira ndithu, agwira mzati wa khonde. "Injini iyi ndi ya Tsabola." Azakhali manja pakamwa. Ine ndatsika, chitseko osatseka, ndikuthamanga. Iwo akweza dzanja kuti tikhale chete. Amvetsera injini ikulira pansipansi, nthawi yaitali.

"Chitsulo chamangidwa."

Afunsa kuti wabwera nayo ndani. Ndisanatsegule pakamwa, wa takisi ndi ulemu wake uja wavula chipewa, wawagwira dzanja ndi manja awiri. "Ndine, bambo. Ndine amene ndinagula galimotoyi."

Ababa akhala pansi pang'onopang'ono. "Mwagula," atero. Ndiye, mofatsa, ngati akufunsa nthawi: "Anamwalira liti?"

Tonse kulankhula nthawi imodzi. Azakhali kulumbira, wa takisi kupepesa osadziwa chimene walakwa. Iwo akungogwedeza mutu: "N'chifukwa chake mumandibisira. N'chifukwa chake kukubwera anamwino." Ndagwada, ndatenga manja awo, ndawaika pankhope panga, pajuzi. Ababa, ndine, ndili moyo, ndigwireni. Zala zawo zapeza misozi. Andipukuta ndi chala chachikulu, monga ankachitira ndili mwana.

"Pepani, anamwino. Munkamudziwa inunso?"

Lachiwiri, 25 Malichi

Wa takisi wabweranso yekha, wosaitanidwa. Wamangirira kachitini pansi ndi waya. Munthu wabwino. Takwera chitunda katatu, phokoso ngati ngolo ya mabotolo. Pakhonde palibe munthu. Mpando anauza azakhali kuti aulowetse Lamlungu.

Ndalowa. Ali kuchipinda, manja pamawondo. Amva zonse. Akuti, "Auzeni anyamatawo asamaseweretse galimoto ya malemu."

Ndatulutsa jakisoni ndikuyang'ana kukhomo ngati Achimwene afika. Iwo akweza okha malaya. "Bayani, mayi. Wondibaya uja kulibe."

Lachisanu, 28 Malichi

Shuga 8. Dzulo 9. Akudya, mbale kutha. Adokotala akuti zogoneka zija tiiwale. Achimwene atumiza uthenga wa manja opemphera. Injiniya akuti mwaona, zinthu zimadzikonza zokha, ndipo sanamvetse chifukwa chake ndatuluka m'chipinda.

Azakhali akuti tingozisiya choncho, bola munthu ali moyo. Mwina akunena zoona. Ndikawatsimikizira kuti Tsabola alipo, abwerera pakhonde kukamudikira, ayambanso kukana. Kuti iwo akhale moyo, ine ndikhale wakufa. Zonse amaiwala pofika madzulo, ichi chokha chakhazikika.

Galimoto ilibe vuto. Ndilembe zimenezo, n'zoona. Imakwera chitunda ngati palibe chitunda. Ndimafika, ndimabaya, amathokoza, ndimapita. Palibe wondimva pobwera, palibe wondimva pochoka.

Lero ndikutseka chikwama, andigwira mkono. Akuti ndawachitira zambiri, koma ali ndi pempho limodzi. Ndiwaperekeze kumanda, akaone pamene anamuika mwana wawo. Amva kuti ndili ndi galimoto yosasokosa, akuti ndiyo yoyenera kumeneko. Jekete yakuda azakhali asita kale, akulira, poti anawaumiriza.

Akuti popeza iwo saona, ine ndikawawerengere zimene zalembedwa pamwala.

Ndati mawa.

Batire 100. Mawa 9 koloko adzakhala atavala. Sindikudziwa kuti ndikaima pa manda a ndani, ndipo ndikawerenga kuti chiyani.