Boti Silinayende Lero, Amayi

Lolemba, 7 Epulo

Mvula m'mawa, dzuwa cha m'ma 10, matalala masana, dzuwa kachiwiri. Zovala ndayanika katatu, ndaanula katatu. Ndiye Epulo wa pachilumba pathu ameneyu, sadziwa chimene akufuna.

Ndamaliza kupaka penti chipinda cha Amayi. Choyera mbee. Chithunzi cha Mtima Woyera ndi kanyale kake kofiira ndatsitsa, zili m'katoni kunsi kwa masitepe pamodzi ndi nsapato zawo za ku Misa. Alendo oyamba olipira afika Lachisanu. Chipindacho anthu alembetsa kale mpaka Seputembala.

Madzulo foni kutsidya, ku nyumba yosamalirako okalamba komwe kuli Amayi. Miyezi isanu tsopano chithyokereni fupa la m'chiuno. Tsiku lowasiya kumeneko ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa: kuzizira kukatha, nyanja ikadekha, ndidzakutengani. Sanaiwale.

"Nkhosa za a Tiernan zayamba kuswa?" Zayamba, Amayi. "Basi nthawi yakwana, Eithne. Pasaka ndidyera kwathu."

Ndati mawa ndibwera tidzakambirane.

Lachiwiri, 8 Epulo

Sindinapite. Boti la 9 koloko ndaliona likuchoka ndili pa zenera, kapu ya tiyi m'manja. Nyanja ili phee.

Pa foni ndati boti silinayende, mafunde. Amayi ayankha: "Usadzivute mwanawe, nyanja salimbana nayo."

Bodza limeneli kuno n'lotchipa. Aliyense amalilandira osafunsa, ngakhale a kubanki. Kasanu tsopano chiyambire Febuluwale. Ndipo ndikunamiza ndani? Mkazi amene kwa zaka makumi anayi ankauza malemu Bambo tsiku lokawedza ndi tsiku lokhala pakhomo pongoyang'ana mtambo pamwamba pa phiri. Mwayi wanga, zenera la chipinda chawo kumeneko linaloza koimika magalimoto.

Sindingawanyamule ndekha pa masitepe aja. Dokotala amabwera kamodzi pa sabata, nyanja ikalola. Denga likudontha malo atatu ndipo alendo ndiwo angalikonzetse. Zonsezi n'zoona. Nanga bwanji sindikuzinena?

Lachisanu, 11 Epulo

Nkhungu mpaka masana, kenako kamphepo kolowa m'mafupa.

Alendo afika. Mwamuna ndi mkazi, a ku Germany, ataliatali, zikwama ngati akusamuka. Afunsa kuti mawa kukhala kotani. Ndawayankha zimene tonse timayankha: ngati sikunakusangalatseni, dikirani mphindi khumi. Aseka. Afunsanso ngati boti limalephera kuyenda kawirikawiri. Ndati ayi, mwezi uno sizichitikachitika.

Ndadzimva ndekha. Choonadi ndikupatsa anthu achilendo, ulere.

Madzulo mkazi uja watsika ndi korona wopempherera m'manja, wa Amayi wakuda uja wothyoka mtanda. Anali kumbuyo kwa diroo. "Ndi wanu?" Ndati mwina mlendo wina anaiwala.

Tambala tilibe pakhomo pano, koma ndamumva.

Lamlungu la Kanjedza, 13 Epulo

Dzuwa tsiku lonse, ngati likundichitira dala.

Potuluka m'tchalitchi, a Malachy oyendetsa boti, pamaso pa anthu: "Iwe Eithne, kodi kuseri kwa nyumba yako kuli nyanja inanso? Yangayi ndikuiwoloka tsiku lililonse, sindinanyowe ndi sokosi yomwe." Anthu aseka. Nanenso ndaseka, makutu akutentha.

Ndadziwa pomwepo amene wawafunsa. Madzulo foni ya mng'ono wanga Dervla, ku Dublin.

"Akulu, boti mwezi uno silinajombepo. Ndawaimbira ndekha a Malachy." Ndati iwe uli kutali, kulankhula n'kosavuta, bwera udzawanyamule ndiwe. Ndakalipa ndithu, mawu ambirimbiri. Wangondisiya mpaka ndathedwa mpweya.

"Zowanyamula sindikukutsutsani. Koma mayi aja alongeza sutikesi. Ine sindiwauza, mukawauze nokha. Mukudziwa n'komwe kuti anawasintha chipinda?"

Sindimadziwa. Sindinafunsenso zambiri, ndadula foni.

Lolemba, 14 Epulo

Ndaphika buledi wawo uja wa mphesa zouma. Korona ndamuika m'thumba la chikhothi. Mawa boti la 9. Mawu ndawakonza, ndawayeseza kwa galu: Amayi, kwathu simubwerera, chipinda chanu muli alendo. Galu watuluka panja.

Lachiwiri, 15 Epulo

Chimphepo. Chayamba m'bandakucha, kuchokera kumadzulo. Mafunde akulumpha khoma la padoko. Chikwangwani cha a Malachy: palibe ulendo lero, mawa tiona.

Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mtima unakhala pansi nditaona chikwangwanicho.

Pa foni ndati boti silinayende, Amayi. Mawu omwe aja, koma lero oona.

"Ee," atero. "Lero ndiye yakwiyadi."

Lero ndiye. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo tsiku lonse.

Lachinayi Loyera, 17 Epulo

Tsiku lachitatu. Magetsi azima kawiri. Kusitolo mkaka watha, buledi watha. Ansembe sanawoloke, Misa palibe. A Tiernan ataya tiana ta nkhosa tinayi ndi kuzizira.

Alendo anayenera kuchoka dzulo, ndege yawasiya. Akhala m'khitchini mwanga, masokosi awo ali pa chitofu, akusewera makadi. Buledi wa Amayi ndawapatsa asanaume. Akuti sanadyepo wokoma chotere.

Miyezi iwiri ndakhala ndikuitana chimphepo ndi pakamwa. Walira mvula walira matope.

Dervla sanaimbe. Amayi aimba okha, kufunsa ngati denga lapirira.

Loweruka Loyera, 19 Epulo. M'boti, pobwerera.

Kwacha bata. Nyanja ngati mbale ya madzi. Ndawoloka ndi boti la 9, alendo aja ali momwemo, tatsazikana padoko.

Namwino wandilondolera pamwamba, osati pansi pomwe ndinawasiya. Akuti anawasamutsa kumayambiriro kwa Malichi, anachita kupempha okha. "Agogowa ndiye wotchi yathu. Boti likamakocheza amatiuza, ife n'kudziwa kuti tiyi wakwana. Tsiku lililonse amavala chikhothi isanakwane 10 koloko, anthu akatha kutsika amavula."

Ndalowa. Mpando uli pa zenera. Ndayang'ana panja. Doko lonse. Boti la a Malachy, chingwe chake, ngakhale chipewa chawo chobiriwira. Kutsogoloko chilumba chathu, ndi phiri, lopanda kamtambo ndi kamodzi komwe.

Kuyambira Malichi.

Achepa thupi. Chikhothi chili pathupi, mabatani onse omanga. Sutikesi pafupi ndi bedi. Ndakhala pansi, mawu aja ndinayeseza kwa galu osaoneka komwe alowera. Ndangotulutsa korona n'kuwapatsa. Amuyang'ana, andiyang'ana. Sanafunse kuti watuluka bwanji kumbuyo kwa diroo.

Ndati, Amayi, pali zoti ndikuuzeni.

Akweza dzanja, monga ankachitira tikamasokosa nthawi ya zanyengo pa wayilesi. Atembenukira ku zenera, ayang'anitsitsa nyanja ija yogona tulo, nthawi yaitali.

"Nyanjayi sinandisangalatse, Eithne. Sindingaiwoloke ine lero. Ndipo mmene ndikuionera, chaka chino sidekha."

Ndati Amayi.

"Ndanena ine. Unayamba wandionapo nditaphonya nyengo?"

Ayamba kumasula mabatani, limodzilimodzi. Ndafuna kuthandiza, akana. Andiuza kuti zovala za m'sutikesi ndibwezere m'kabati, madiresi kumanzere. Ndabwezera. Tamwa tiyi. Afunsa za nkhosa za a Tiernan, za galu, za denga.

Potsazika andigwira mkono. "Ataliatali aja a zikwama ndawaona akutsika nawe. Obwera pambuyo pawo uziwauza kuti zenera la m'chipinda muja limafuna kukankha ndi phewa. Asamagone ndi mpweya woipa m'nyumba mwanga."

Boti la 4 koloko. Ndayang'ana m'mbuyo kamodzi kokha. Zenera lachitatu kuchokera kumanzere, pali munthu wakhala.

Ndatsamira chitsulo cha m'mbali, nkhope kumadzi. A Malachy adutsa ndi chingwe chawo, aima. Nthabwala lero alibe. "Mafunde akuvuta, mwana wanga?"

Panalibe funde ndi limodzi lomwe.

Ndati ee.