Sopo Wokana Kugwirana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zambiako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Fingoe tili moyo, ndipo bala la amayi lija layamba kupola.

Mtima wanga wangokhala pansi dzana. Sopo wathu wa ku koperativa anakana kugwirana migolo itatu yotsatizana. Pamwamba ankachita zibuluma ngati chambiko, pansi madzi okhaokha. A sekeretariyo, mkulu woyang'anira koperativayo, anafika kwa ine wosunga soda maso ali psuu, amvekere, "Mayi, soda uja mukumugulitsa kuseri eti?" Inu mukudziwa kumene amapita munthu wonenedwa zotere masiku ano. Ndinawayankha kuti, "Mundilole ndiphike mgolo umodzi, ukakanika mundimange."

Ndinakumbukira mawu anu aja muli kufakitale ku Beira, oti chinthu chikalakwika usathamangire munthu, yamba wafunsa chomwe chasintha. Ndinanunkhiza mafuta a mtedza, anali abwinobwino. Madzi a soda ndinawakhudzitsa kulilime, analuma monga kale. Moto unali womwewo, mthiko womwewo. Nditalawa madzi a mumtsuko, mchere! Chikwirireni mabomba m'njira ya kumtsinje, amayi anzanga akhala akutunga pachitsime cha kudambo osandiuza, ati madzi ndi madzi basi.

Tinaphika ndi madzi a mvula, sopo analimba mpaka tinachita kumudula ndi waya. A sekeretariyo sanapepese, koma anatenga zidutswa ziwiri.

Mukapeza wobwera kuno, mutitumizireko masingano ndi mankhwala a malungo. Mulungu akusungeni mpaka nkhondoyi idzathe.

Ndine mlongo wanu,
Rozina