Pansi pa Bwalo la Mpira Pali Lameki

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Shurugwi tilipo, tikupuma. Nkhani imene ndili nayo ndi yolemera, ndiye ndiyamba ndi zopepuka, monga munkachitira inu mukachokera kozonda odwala: poyamba za m'njira, za matenda pambuyo.

Mvula ya chaka chino yationa litsiro, sinakate. Kamunda kanu kakuseri kwa komboni ndinabzalamo chimanga ndi maungu. Chimanga chachita chikasu ndi madzi, koma maungu ayanga mpaka m'munda mwa Mai Ncube, ndipo iwo akuti dzungu lowoloka malire ndi la amene lamupeza. Sindinalimbane nawo. Denga la kuchipinda kwanu likudontha pomwe paja. Kutchalitchi amayi a mvano amaimbabe nyimbo ija munkayambitsa inu, koma ikafika pokwera onse amayang'anana, palibe woifikira.

Rudo, mkazi wa mlongo wanga Lameki, anachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Agnesi, dzina lanu. Mphumi ndi yanu yomwe, ngakhale kukwinya nkhope akamamusambitsa. Mwana wanga Chisomo, mdzukulu wanu, wakula, nsapato zanga akuvala. Ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona, ndikamukalipira amati, "Gogo ndi amene ankandimva." Ndiye mwaona mlandu umene munandisiyira.

Tsopano ndinene za kusukulu. Mng'alu uja wa m'kalasi mwanga, umene munkaseka kuti mpaka buluzi adzalembetsa Giredi 3, unakula mutangopita inu. Mukudziwa kuti chitsekereni mgodi waukulu, makorokoza, okumba mozemba aja, akumba paliponse kufuna golide, ngati mfuko m'munda. Tikamaphunzira tinkamva pansi pakugunda, du, du, choko n'kumagudubuzika chokha patebulo. Ana anazolowera, ankangoti, "Madamu, anansi athu apansi adzuka."

A Moyo, a hedi athu, ananditumiza ku Gweru kukaphunzira zoteteza ana pangozi. Tinalipo ambiri, aphunzitsi a m'mapulaimale, a m'masekondale, ena a m'makoleji, ngakhale oyang'anira nyumba zogona ophunzira. Amene ankatiphunzitsa anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, kale anali wozimitsa moto. Anationetsa kagwiridwe ka chozimitsira moto, kamangidwe ka bala, kupanikiza chifuwa cha munthu amene wasiya kupuma. Tinkayeserera pa chidole chachikulu, ndipo mukanandiona nditagwada ndikuchiuzira mpweya, bwenzi mutaseka mpaka misozi. Anatiuzanso kuti sukulu iliyonse ikhale ndi wezulo wa ngozi ndi malo amodzi osonkhanirana, ndipo ana aziyeserera kawirikawiri. Ankati pangozi munthu sachita zimene akudziwa, amachita zimene anazolowera.

Ine ndinakweza dzanja. Ndinati, "Nanga ngati chimene chikufuna kutidya ndi nthaka yomwe taimapoyo, tithawire kuti?" Mayi uja anati, "Sukulu yotereyo ndi yofunika kutseka. Kanenereni." Tinanena, Amayi. Anabwera anthu a zipewa zoyera, anayeza mng'alu, anajambula zithunzi, anati abweranso. Sukulu ina yapafupi ndi yodzaza kale, ndipo makolo alibe ndalama ya kombi yowatengera ana kumeneko tsiku ndi tsiku. Ndiye tinapitiriza kuphunzitsa momwemo.

Nditabwerako ndinaphunzitsa anzanga onse, kuyambira a hedi mpaka Mai Dube ophika phala ndi alonda apageti. Malo osonkhanirana tinasankha bwalo la mpira, popeza ndi poyera, palibe khoma logwera munthu. Tinaimika chikwangwani chobiriwira. Lachisanu lililonse ndinkaliza wezulo, ana n'kutuluka awiriawiri, osathamanga, osatola chikwama. Iwo ankaona ngati masewera. Ine ndinkamva bwino mumtima kuti pa zimene sindingathe kusintha, ichi chokha ndachitako.

Lamlungu lina Lameki anabwera ndi Rudo kudzandionetsa mwana. Mukudziwa nkhani ya chitupa chake, kuti dzina la abambo linalembedwa mosiyana pa khadi la mgodi ndi pa kalata yake yobadwira, mpaka lero kuofesi ya zitupa amangomubweza. Kumgodi wa pulatinamu salemba munthu wopanda chitupa. Ndiye analowa m'maenje, pansi pa bwana wina amene ali ndi chigayo cha miyala komanso anyamata a zikwanje. Tsikulo anaona wezulo atapachikika pamsomali, anafunsa, ndinamufotokozera monyadira. Ankangomva, mwana ali pachifuwa pake. Rudo atatuluka panja, anatsitsa mawu.

"Asisi, anawo musamawasonkhanitse pabwalo la mpira."

Ndinati, "Chifukwa?"

"Amene akukumba pamenepo ndine. Pansi pake ndi mphako yokhayokha. Zipilala zimene anasiya a mgodi wakale tadula, golide ali m'zipilalamo. Mukaliza wezulo wanuyo timamva mapazi a ana pamwamba pathu, dothi n'kumatigwera m'maso."

Ndinati ndikanena kwa a hedi, ngakhale kupolisi. Anandigwira mkono. "Mukanena, afunsa wakuuzani ndani. Mu gulu lathu amene ali ndi mlongo wake kusukulu ndine ndekha. Mukufuna Agnesi akule akundidziwira pa chithunzi?"

Amayi, munandisiyira miyambi iwiri imene simunkatopa nayo. Ndikadandaula za ana a eni osamvera, munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikakwiya ndi Lameki, munkati chibale ndi fupa, sichiola. Sindinkadziwa kuti tsiku lina idzandigwira wina dzanja ili, wina dzanja ilo, n'kumakoka.

M'mawa mwake ndinalowa muofesi mwa a Moyo. Ndinati ndikufuna tisunthe chikwangwani, tichiike kutsidya kwa msewu, pa simenti ija inatsala pamene panali sitolo ya mgodi, pathanthwe. Anati, "Bwanji, Madamu Banda? Si inu nomwe munasankha bwalo?" Ndinati kumaphunziro anatiuza kuti poyera kwambiri n'poopsa nthawi ya mphenzi. Si bodza, anatiuzadi. A Moyo anavula magalasi, anandiyang'ana, anayang'ana pawindo. Anati, "Musandiuze zambiri. Nanenso ndili ndi mwana wa mchemwali wanga amene amabwera kunyumba ndi matope ofiira m'makutu. Sunthani." Pamenepo ndinazindikira kuti si ine ndekha. Tauni yonseyi ikudziwa, ndipo aliyense ali ndi wake pansipo. Tinasuntha chikwangwani, tinaletsanso mpira, tinati bwalo laterera.

Malo atsopanowo tinangoyeserera kawiri mvula n'kukula. Inagwa masiku otsatizana, yosalekeza. Lachiwiri m'mawa ndili pabolodi ndi masamu, pansi panalira mosiyana ndi masiku onse, ngati ng'ombe yaikulu yabuula. Mabotolo a madzi a ana anayamba kutsetserekera kungodya imodzi. Pulasitala anagwa pakhoma. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse, ndinangopeza wezulo ali kale pakamwa.

Ana anga anaimirira awiriawiri, monga Lachisanu. Kamtsikana kena, Tariro, kanauma pampando, maso ali tong'o, ndinakanyamula. Tikutuluka, khonde la kalasi yoyandikana nafe linatsika pamaso pathu, ndipo a Sibanda, aphunzitsi achikulire aja a Giredi 6, anagwera mmenemo mpaka m'chiuno atangokankhira kunja mwana womaliza. Alonda anawakoka. Koma choopsa chinali kwina. Ana a Giredi 1, miyendo yawo inakumbukira malo akale. Anathamangira kubwalo la mpira. Ndinakuwa, mawu osamveka ndi phokoso. Mai Dube ndi amene anawaona. Mayi wamkulu thupi uja anathamanga ndi mthiko m'manja, akuwakusa ngati anapiye, "Kumsewu! Kumsewu!" Womaliza atangowoloka, zitsulo za golo zinapendekeka pang'onopang'ono, ndipo mbali imodzi ya bwalo inamira, udzu, matope, zonse.

Pa simenti paja mphunzitsi aliyense anaitana ana ake mayina. Ine ndinkaitana, iwo n'kumavomera, koma maso anga ali padzenje lija likufuka fumbi m'mvula. Lameki anali atalowa m'mawa womwewo, ndinamuona akudutsa ndi tochi pamphumi. Thupi langa lonse linkafuna kuthamangira kumeneko, kukakumba ndi zala. Koma Tariro anali atandigwira siketi, ana ena akulira, makolo akubwera akukuwa, aliyense kufuna wake, ndipo anatiphunzitsa kuti mwana asachoke tisanaone wamutenga ndani. Mwendo wa a Sibanda unali utathyoka. Ndinaumanga ndi matabwa awiri a desiki ndi chitenje chanu chabuluu chimene ndinafunda tsikulo. Manja anga ankamanga mfundo bwinobwino, monga pa chidole paja, pomwe mkati mwanga ndinali kuitana inu. Sindikanatha ngakhale kutchula dzina la mlongo wanga mokweza, chifukwa kutero kunali kuvomera kuti ndinkadziwa.

Ana onse anapezeka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene tinataya.

Lameki anatulukira kudzenje lina, kuphiri, dzuwa litapendeka. Anakwawa mumdima ndi zala ziwiri zophwanyika. Mnzake Gift, uja ankabwera kudzakuthyolerani mapeyala, sanatuluke. Anamufukula patapita masiku, ndipo tinamuika kumanda, pafupi ndi mpanda, kumunsi kwa inu. Lameki anakhala kwathu sabata yathunthu akungoyang'ana khoma. Ndinati mwina apa ndiye wasiya. Zala zitangouma, ndinamuona akuyesa mabatire a tochi. Ndinamugwadira, Amayi, ine mkulu wake. Anati, "Asisi, mundionetse khomo lina, ndilowa lomwelo." Ndinalibe loti ndimuonetse.

Panopa tikuphunzitsira m'matenti, pabwalo la tchalitchi. Kukatentha ana amawodzera, kukagwa mvula mabuku amanyowa. A Sibanda akuyendera ndodo ndipo akuti sabwereranso. Akuluakulu anabwera, anandigwira chanza, akuti ndizipita m'sukulu zina kukaphunzitsa anzanga za wezulo ndi malo osonkhanirana. Ndimapita. Ndimawauza zonse zimene ndinaphunzira ku Gweru. Koma wina akafunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti bwalo si labwino, ndimayankha za mphenzi.

Sabata yatha ndikuchokera kumsika, galimoto yakuda inaima pambali panga. Galasi linatsika. Anali bwana wa Lameki, akumwetulira. Anati, "Madamu, ndamva kuti mumalota bwino. Chikwangwani chija munachisuntha pa nthawi yake." Ndinati ndi chisomo cha Mulungu. Anati, "Zoona. Mupatseni moni mlongo wanu." Anapita. Ndinatsala pamenepo ndi tomato m'manja.

Ndaganizapo zopempha kuti andisamutse, ndipite ku Mvuma kapena kwina kulikonse kumene pansi n'polimba. Koma ndikachoka, wezulo atsala ndi ndani? Rudo ndi mwana aziona ndani? Kwathu ku Malawi kumene abambo ankakunena, ine sindikudziwako ngakhale mtengo umodzi. Kuno amatitcha obwera, uko tikakhala alendo. Kwathu ndi pano, pamwamba pa mauna.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Popeza kusukulu kwatchingidwa ndi waya, gulu la Lameki lasamukira kwina. Dzulo ndinamufunsa kuti akukumba kuti tsopano. Anayang'ana pansi. Ndinafunsanso. Anati mzere wa golide walowera chakumanda. Akuti iwo ali pansi kwambiri, sangakufikeni. Ndi mmenenso ankanenera za bwalo la mpira.

Ndiye Amayi, mukamva kugogoda pansi panu, musaope, si mlendo. Ndi mwana wanu wotsiriza. Ine ndamulankhula mpaka mawu atha, koma inu sankakuyankhani kawiri. Muli naye pafupi kuposa ine. Mumuuze atuluke.

Loweruka ndibwera ndi khasu kudzalambula, ndipo ndiyang'ana bwinobwino dothi lozungulira. Ndikulonjezani kuti tsiku limene ndidzaone mng'alu pamenepo, sindidzadikira a zipewa zoyera. Ndidzakusamutsani inu ndi abambo, ngakhale ndichite kukusenzani pamsana.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Edina